Phunziro la Mwezi Uno: Ndalama za Wolumala pa Nchito ndi Eni Ngongole

Pa msika wa Chiringa ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi mukadali madoda amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba ali anyamata. Lero ndi nkhalamba. Ena a iwo sakhoza kukwera kamtunda kakang'ono osaima kawiri kuti apume, ndipo usiku akhosomola kufikira tambala woyamba. Mbiri inamveka kale kuti ku South Africa kuli ndalama za anthu otere. Mbiriyo njoona ndithu, koma yafika kumudzi yoduka mutu ndi mchira, kotero kuti munthu akhoza kulowa nayo m'ngongole asanaone ndi khobidi lomwe. Mwezi uno tifuna kuphunzira zinthu ziwiri zimene zayenderana: makomo amene ndalama za munthu wolumala pa nchito zidzera, ndi chimene munthuyo ayenera kuchita pamene eni ngongole aima pakhomo pake. Amene adziwa kuwerenga awerengere agogo ao mofatsa, pakuti nkhaniyi njao.

Tiyambe ndi kukumbutsana za kale. Pofika chaka cha 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kwao inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nafa anthu oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ulendo unatsegukanso mu 1977 pa dzina latsopano la TEBA, limene ife timati Theba, mpaka 1988 pamene unatsekedwa chifukwa cha mkangano wa kupima magazi a HIV. Sungani zaka zimenezi m'mutu, chifukwa zili ndi nchito kutsogoloku.

Anthu anabwerako ndi njinga, mawilesi ndi masutukesi. Ambiri anabwerakonso ndi fumbi m'chifuwa. Pobowola mwala wa golide pamatuluka fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakhazikika m'mapapo ndi kuwaumitsa pang'onopang'ono. Nthenda imeneyi madokotala aitcha silicosis. Ilibe mankhwala oichiritsa, ndipo kuipa kwake nkwakuti ikhoza kuonekera patapita zaka 10 kapena 20 munthu atasiya mgodi. Imatseguliranso njira chifuwa chachikulu cha TB.

Makomo awiri a ku Joni

Khomo loyamba ndi la Boma la South Africa. Lamulo lao la 1973 lonena za matenda a m'migodi linakhazikitsa kuti munthu wodwala chifukwa cha fumbi alandire chipukuta misozi, ngakhale ali wa dziko lina. Madokotala a bungwe la MBOD ku Johannesburg ndiwo aona zithunzi za m'chifuwa ndi kugamula ngati nthenda ilipo, ndiponso ngati ili pa muyeso woyamba kapena wachiwiri. Akatero ofesi yina, ya CCOD, ndiyo ilipira. Lamulo lomwelo lipatsa munthu aliyense amene anagwirapo m'mgodi ufulu wa kupimidwa m'chifuwa kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse popanda kulipira.

Ndalama za khomo limeneli zinali zochepa kwa nthawi yaitali. Munthu wina dzina lake Thembekile Mankayi, amene anadwala atagwira nchito m'mgodi wa AngloGold, analandira R16,320 zokha pa mapapo ake onse. Iye sanakhutire, natengera kampaniyo ku bwalo la milandu. Eni mgodi anati, "Walandira kale za Boma, sangatisumirenso ife." Pa 3 March 2011 bwalo lalikulu koposa la dzikolo pa nkhani za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti ayi, kulandira za Boma sikutseka njira ya kusumira eni mgodi. Mankayi mwini wake anali atamwalira masiku owerengeka chigamulo chisanaperekedwe.

Pa chigamulo chimenecho ndi pamene panabadwa khomo lachiwiri, la makampani. Anthu zikwizikwi anasuma pamodzi, ndipo mu July 2019 bwalo la ku Johannesburg linabvomereza pangano la ndalama zokwana R5 biliyoni pakati pa iwo ndi makampani asanu ndi imodzi: African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Bungwe losunga ndi kugawa ndalamazo alitcha Tshiamiso Trust, ndipo linapatsidwa zaka 12 za kugwira nchito yake. Woyenera kupempha ndiye amene anagwira nchito ya pafumbi m'migodi ya golide ya makampani amenewa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019. Mwaona tsono kuti wa Wenela amene anali kumeneko kuyambira 1965 ndi wa Theba wa zaka za 1977 mpaka 1988 onse ali m'kati mwa nyengoyo. Amene anabwerera kumudzi 1965 isanafike, kapena anagwira m'mgodi wa malasha kapena wa kampani yina, khomo ili silake.

Panganolo linaika mitengo malinga ndi kukula kwa nthenda: silicosis ya muyeso woyamba kufika R70,000, wachiwiri R150,000, wachitatu R250,000, ndipo pa matenda oopsa koposa mpaka R500,000. Taonani mau akuti "kufika". Ngati zaka zina munagwira m'mgodi umene suli m'panganomo, ndalama zichepetsedwa molingana ndi zaka zimenezo. Akazi amasiye ndi ana akhoza kupempha ngati mapepala asonyeza kuti malemu anafa ndi nthenda ya fumbi.

Mfundo yaikulu nayi: ndalama za Tshiamiso nzoonjezera pa za Boma la South Africa. Wolandira ku khomo limodzi saletsedwa kugogoda ku linzake. Choncho amene analandira kandalama kochepa kale atapimidwa ku mgodi asaganize kuti nkhani yake inatha.

Koma tinene zoona zonse, ngakhale zowawa. Makomo awiriwa salipira munthu chifukwa chakuti anapita ku Joni. Alipira nthenda imene dokotala waipeza. Nkhalamba imene inagwira zaka zisanu ndi zitatu pansi pa nthaka, koma mapapo ake ali bwino, ilibe kanthu kumeneko, ndipo ithokoze Mulungu. Za TB nazo zili ndi malire: iwerengedwa ngati munthu anaidwala akali pa nchito kapena chisanathe chaka chimodzi atachoka. Amene anabwera mu 1988 nadwala TB mu 2005 asayembekeze kanthu pa TB yokhayo, pokhapokha chithunzi chisonyezenso silicosis. Palinso ndalama zina zimene anthu amazisokoneza ndi izi, zimene ena ankasungiridwa pokonzekera ukalamba, zonga za thumba la Mines 1970. Izo si za matenda, ndipo alandira okhawo amene maina ao ali m'mabuku a thumbalo.

Wobvulala konkuno

Si onse olumala anapita ku migodi. Alipo amene anaduka dzanja ku chigayo, anagwa pa thirakitala ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, kapena anathyoka msana pomanga nyumba m'tauni. Kwa iwo lilipo lamulo lathu la chaka cha 2000 la chipukuta misozi cha anchito. Lamuloli liika udindo pa wolemba nchito. Wolumala kotheratu, wosakhozanso kugwira nchito iliyonse, ayenera kulandira malipiro ake a miyezi 54 nthawi imodzi. Wolumala pang'ono alandira gawo la ndalamazo monga dokotala wayesera. Munthu akafa, a m'banja lake alandira malipiro a miyezi 42, kuchotsapo zimene malemu analandira kale pa kubvulala komweko. Ngozi ikachitika, kanenani msanga kwa abwana ndi ku ofesi ya za nchito ya boma lanu, pakuti nkhani yochedwa imabvuta kuitsata.

Amene anali pa nchito yokhazikika alinso ndi penshoni. Kuyambira ndi lamulo la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, wolemba nchito aika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndipo wanchito aika K5. Dokotala akatsimikiza kuti munthu sadzagwiranso nchito, penshoniyo ikhoza kutuluka asanafike zaka za kupuma. Izi ndi ndalama zanu zimene munasunga, ndipo abwana asakuuzeni kuti popeza mwalandira penshoni ndiye kuti chipukuta misozi chathera pomwepo. Ndi nkhani ziwiri.

Nanga Mtukula Pakhomo? Thandizo limeneli linayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo Phalombe linali limodzi mwa maboma oyamba kulilandira. Anthu ambiri aganiza kuti ndi malipiro a olumala. Si choncho ayi. Lipita ku mabanja osaukitsitsa amene alibenso munthu wamphamvu wogwira nchito, pafupifupi banja limodzi pa mabanja 10. Khomo la nkhalamba yodwala chifuwa imene ilera adzukulu likhoza kulowamo, koma chifukwa cha umphawi wa khomolo. A ku Joni safunsa ngati mulandira Mtukula Pakhomo. Koma alangizi akabwera kudzaunikanso mabanja, muwauze zoona za chimene mwalandira. Kubisa ndiko kumadanitsa anthu pamudzi.

Fodya wa pachala

Tsono tifike pamene pali ngozi yeniyeni. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama za chipukuta misozi zichedwa. Pali kufufuza maina m'mabuku a Theba, kupima m'chifuwa, kutumiza mapepala, kudikira madokotala. Zikhoza kutha zaka, ndipo pa mapeto pake yankho likhoza kukhala lakuti nthenda siinapezeke. M'nyengo yodikirayo njala sidikira. Kuno ku Phalombe namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anakokolola minda ndi nyumba, ndipo mabanja ambiri anatsala manja ali m'khosi. Pamenepo wa katapila amabwera ndi nkhope yachifundo nati, "Tengani, agogo, mudzabweza zikabwera za ku Joni."

Tiyerekeze Bambo Uje atenga K50,000 pa katapila wa theka pa mwezi, ndipo chiwongoladzanja chosalipidwa chiberekanso chinzake. Mwezi woyamba ngongole ifika K75,000. Wachiwiri K112,500. Wachitatu K168,750. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi yapitirira K569,000, pamene iwo anadya K50,000 yokha, ndipo kalata ya ku Joni siinafike. Werengani nokha pa chaka chathunthu. Ndalama zikadzabwera zidzangodutsa m'manja mwao ngati madzi m'dengu, ndipo chifuwa chidzatsala chomwecho.

Alipo enanso amene ayenda m'midzi ndi mabuku akuluakulu, nati alemba maina a anthu a Wenela, munthu aliyense apereke kangachepe ka "kaundula" kapena ka ulendo. Dziwani kuti kupempha ku Tshiamiso nkwaulere, ndipo ndalama zilowa m'buku la ku banki la mwini wake, osati la mkhalapakati. Munthu akakuitanitsani ndalama kuti akufulumizitsireni, kafunseni kaye ku ofesi ya za nchito ku boma. Mtengo wa ulendo wa pa kabaza kupita kumeneko ngochepa poyerekeza ndi mbuzi imene mungagulitse pachabe.

Chimene lamulo liteteza, ndi pamene lilekezera

Lamulo la chipukuta misozi cha anchito linena kuti ndalamazo sizingaikidwe chikole, sizingalembedwe kwa munthu wina, ndipo mwini ngongole sangazigwire zili m'njira. Penshoni imene ikali m'thumba lake nayo njotetezedwa motero. Chifukwa chake nchomveka: ndalama zimenezi zilowa m'malo mwa dzanja kapena msana umene unkadyetsa banja, ndipo zibwera kamodzi kokha. Tsono wa katapila sangapite kwa abwana anu kapena kwa osunga penshoni kukatenga gawo lake.

Iye adziwa zimenezi bwino lomwe. Nchifukwa chake sapita kumeneko, koma apempha khadi lanu la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, kapena chitupa cha unzika, kapena simu khadi imene mulandirira Mtukula Pakhomo, kuti "asunge". Mukampatsa zimenezo mwatsegula nokha mpanda umene lamulo linakumangirani. Tsiku la malipiro iye ndiye adzayamba kufika. Musapereke zinthu zimenezi kwa munthu aliyense ngati chikole, ngakhale mbale wanu. Musadindenso chala pa pepala limene simunawerengeredwe ndi munthu amene mumkhulupirira.

Ichi sichitanthauza kuti ngongole yafa. Amene anakongola ayenera kubweza, ndipo ndalama zikalowa m'manja mwanu eni ngongole ali ndi ufulu wa kukufunsani. Chimene tinena nchakuti kubwezako kuchitike mwa dongosolo, inu muli maso.

Eni ngongole akafika pakhomo

Choyamba khalani pansi ndi a m'banja mwanu, mulembe ngongole zonse pa pepala limodzi: kwa yani, munatenga zingati, mwabweza zingati, munaika chikole chanji. Amuna ambiri amabisira akazi ao ngongole kufikira tsiku limene malata achotsedwa padenga. Manyazi a tsiku limodzi ngopepuka kuposa amenewo.

Ngongole sizifanana. Ya ku banki mkhonde ndi ndalama za anansi anu, amai amene asonkha pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Mukaibweza mochedwa mulanga anthu osauka ngati inu nomwe, ndipo mudzitsekera pothawira mawa. Imeneyo iyambe kubwezedwa. Ya ku banki kapena ku bungwe lobwereketsa, funsani ngati pa ngongoleyo panali inshulansi. Ngongole zina zotere zimadulidwa kandalama ka inshulansi pa tsiku lotenga, kakuti wokongola akafa kapena akalumala kotheratu, a inshulansi amalize ngongole yotsala. Anthu ambiri amalipira kandalamako osadziwa nchito yake, ndipo amasiye amapitiriza kubweza ngongole imene inayenera kutha. Pitani ndi kalata ya dokotala mukafunse, ndipo yankho akupatseni lolembedwa.

Ya katapila ndiyo yofuna kulimba mtima. Dziko lathu lili ndi lamulo lakale lotchedwa Loans Recovery Act, limene lipatsa bwalo la milandu mphamvu ya kutsegulanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja nchopitirira muyeso ndi chankhanza, ndi kugamula zimene zili zoyenera kubweza. Ndiponso nchito ya kubwereketsa ndalama ngati malonda ifuna chiphaso cha ku Reserve Bank, chimene a katapila ambiri alibe. Chotero iwo sakonda kuonekera pamaso pa majisitireti, ndipo mukawaitana kwa a mfumu pamaso pa mboni ndi kunena kuti, "Ndinatenga zakuti, ndibweza zakuti ndi kaphindu koyenera, apo ayi tikakumane ku bwalo," kawirikawiri nkhani imatha pomwepo. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo pa kubweza kulikonse pakhale siginecha ya wolandira.

Kulephera kubweza ngongole si mlandu wa kupolisi ngati kuba. Mwini ngongole sangathyole chitseko ndi kunyamula katundu mwa mphamvu zake. Njira yake ndi ya ku bwalo, ndipo bwalo likagamula, amene alanda katundu ndi a sherifu, atanyamula chikalata cha bwalo. Mukalandira samani musabisale ku Mozambique poti malire ali pafupi. Mukapanda kupita, mlandu ugamulidwa inu kulibe. Pitani, fotokozani za matenda anu ndi zimene mupeza, ndipo pemphani kuti muzibweza pang'onopang'ono. Wosowa ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la Boma loimira anthu osauka pa milandu.

Kodi nkudzipereka kuti "ndalephereratu"?

Ena amene anakhala m'tauni anamva kuti munthu akhoza kupita ku bwalo kukalengezedwa kuti walephereratu kubweza ngongole zake, chimene pa Chingerezi amati bankruptcy, ndipo ngongole zonse zifafanizidwa. Njirayo ilipodi, pansi pa lamulo la Insolvency Act la 2016, koma si yofewa monga anthu aisimbira. Nkhani yake imveka ku High Court, osati kwa a mfumu kapena ku bwalo laling'ono. Bwalo likalengeza, chuma cha munthuyo chichoka m'manja mwake ndi kupita kwa woyang'anira amene achigulitsa ndi kugawira eni ngongole. Kufikira bwalo litammasula, munthuyo ali womangika pa zambiri: sakongola momasuka, sayendetsa kampani, ndipo malamulo a dziko samlola kupikisana pa mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Kwa mwini sitolo yaikulu kapena magalimoto amene ngongole zake zafika mamiliyoni ambiri, njira imeneyi ikhoza kukhala mpumulo, ndipo iye afunse loya asanachite kanthu, makamaka za mmene chipukuta misozi chake ndi penshoni yake zidzakhalire. Koma kwa mlimi wa nandolo ndi mpendadzuwa wa ku Chiringa, amene ngongole yake ndi ya matumba awiri a feteleza ndi katapila, maulendo a ku Blantyre okha akhoza kuposa ngongoleyo. Ife tiona kuti kwa iye kukambirana ndi eni ngongole pamaso pa mboni, kapena kupempha majisitireti kuti aike dongosolo la kubweza, ndiko kwanzeru.

Mapepala

Zonse tanenazi ziyenda ndi mapepala. Funafunani m'masutukesi akale khadi la Wenela kapena la Theba, nambala imene munkaitanidwa nayo ku mgodi, mapepala a malipiro, ndi kalata iliyonse ya ku chipatala cha ku mgodi. Ngakhale pepala lodyedwa ndi chiswe lili ndi nchito ngati nambala ioneka. Amene mapepala ake anapita ndi madzi asataye mtima, pakuti a TEBA anasunga mabuku a anthu ambiri. Iye akumbukire dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, ndi dzina limene analembetsa. Apa pamakhala bvuto, chifukwa anyamata ambiri a masiku amenewo ankalembetsa dzina la malume kapena la mbale wao, ndipo lero silifanana ndi la pa chitupa cha unzika. Ngati zili choncho kwa inu, nenani poyambirira pomwe, ndipo a mfumu ndi anzanu amene munali nao ku mgodi akuchitireni umboni akali moyo.

Buku la ku chipatala lisungidwe pouma, ndipo nkhalamba yodwala chifuwa ipite kukajambulidwa ngakhale nkhani ya ndalama palibe, popeza TB ili ndi mankhwala aulere m'zipatala za Boma. Mwamuna akamwalira, banja litenge kalata ya imfa yonena nthenda imene yamupha, chifukwa popanda iyo pempho la mai wamasiye limabvuta kwambiri. Mai ameneyo adziwenso kuti ngongole za malemu zilipidwa kuchokera pa chuma chimene malemuwo asiya, osati pa mbuzi kapena munda wa maiyo, pokhapokha ngati iye anasainira nao ngongoleyo. Achibale kapena eni ngongole amene alanda chuma cha masiye mwa mphamvu apalamula mlandu pansi pa lamulo la 2011 la chuma cha masiye, ndipo nkhani yotere ikanenedwe kwa a mfumu, kupolisi kapena ku ofesi ya DC ku Phalombe.